Chikhadabo cha Maliko ndi Nyanga ya Tonde

Khalani chete, inu a ku Dambe, inu a ku Mlonyeni, ndi inu nonse amene mumameza fumbi la malole pa boda ya Mchinji, pakuti ndikufuna kukumbutsa dziko za masiku aja a matipate, pamene nyali inali itangogonjetsa tambala pa voti, pamene amayi anayamba kuvala mathalauzi masanasana osacheuka, anyamata n'kulisiya tsitsi kuti lifike m'mapewa popanda wowathamangitsa ndi lumo, ndipo munthu aliyense, ngakhale wokazinga mandasi, sankatha kumaliza chiganizo osatchulamo ufulu wake. M'chaka cha 1996, mvula isanagwe, kunabuka nkhondo imene olemba mabuku a sukulu anaisiya dala chifukwa cha nsanje. Ine ndinaiona ndi maso angawa, ndipo amene anganene kuti ndikukometsera, ameneyo kunalibeko.

Nkhondoyo inali ya chikhadabo chimodzi.

Mwini chikhadabocho anali Maliko, kalaliki wa ofesi ina ya pa boda yolembera madalaivala a malole mapepala a kasitomu. Maliko Mkango wa Kaboni, Mpatula-Mapepala, amene dalaivala wochokera ku Chipata ankamuitana dzina asanazimitse n'komwe injini. Pa chala chaching'ono cha dzanja lake lamanja panali chikhadabo chimene sichinalawe lumo chilembedwere ntchito mwini wake, zaka ziwiri zathunthu. Chinatalika kuposa kamtengo ka machesi, chinapindika pang'ono kunsonga, ndipo chinkanyezimira chifukwa m'mawa uliwonse chinkayamba ndi icho kudzola mafuta, nkhope n'kumadikira. Ndi chikhadabo chimenechi Maliko ankapatula mapepala asanu omatana ndi kaboni osanyambita chala ngati makalaliki wamba, ndipo akachilowetsa m'mphepete mwa envelopu, envelopuyo inkangodzipereka yokha.

Mdani wake anali a Zakeyu a ku Dambe, Chiswamphanje, Mwamuna wa Zikhatho za Chikopa, amene anamaliza mipini ya makasu yambiri kuposa malaya amene anavalapo, mlimi wa fodya ndi chimanga amene anthu ankatsika pa njinga kuti aone bwino kuwongoka kwa mizere yake. A Zakeyu anali atsibweni ake a Enifa, ndipo kwathu kuno mtsikana akafuna kukwatiwa, mawu omaliza amatuluka pakamwa pa atsibweni. Mayi ake a Enifa, malemu Anasi, anasiya zinthu ziwiri m'manja mwa mlongo wawoyu: mwana ndi kamwana ka mbuzi. Mwanayo, amene anali wosinkhuka kale, anakula n'kukhala namwali woimba kwaya, wokongola koma wa mtima wapachala. Kambuziko kanakula n'kukhala tonde, dzina lake Riferendamu popeza anabadwa tsiku la voti ija, tonde wa ndevu ngati nduna ndi fungo lotha kulowa m'Zambia popanda pasipoti. Nyanga yake yakumanja inamera ngati ya mbuzi zonse, koma yakumanzere inapindika n'kuzungulira mpaka nsonga yake kulozera tsaya la mwini wake. Anthu ankati, "A Zakeyu, iduleni nyangayo isanamulase." Iwo ankayankha kuti mbuzi ya Anasi idzafa momwe Anasi anaisiyira, ndipo wobwera ndi sowo abwerenso ndi omunyamula pobwerera.

Maliko ndi Enifa anadziwana pa boda pomwepo, Enifa atabwera ndi anzake kudzagulitsa mtedza. Anakondana, ndipo Loweruka lina Maliko anakwera matola kupita ku Dambe kukaonekera kwa atsibweni, atavala jekete m'dzuwa la Okutobala lija lowotcha ngakhale mthunzi. Ananjuta bwino, anapereka moni ndi manja awiri, anafunsa za fodya wa ku nazale ngati munthu wodziwa, ndipo zonse zinkayenda bwino mpaka pamene Enifa anabweretsa thobwa. Maliko atanyamula kapu, chala chaching'ono chija chinadzuka chokha monga chinazolowera pa tiyi wa ku ofesi, dzuwa linamenya pa chikhadabo, kuwala kwake n'kukagwera m'maso mwa a Zakeyu.

Nkhuku zinasiya kupalasa. A Zakeyu anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kuponya mawu amene mpaka lero ana a ku Dambe amawayeserera.

"Enifa, mwana wa mlongo wanga, wandibweretsera chiyani pakhomo pano? Ine ndimadikira mkamwini, iwe wabwera ndi kabawi! Tamvera iwe mnyamata wa pa boda. Kuno mwamuna akakwatira amabwera kwa mkazi, amamanga pamene tamulozera, ndipo amalima munda wa kuchikazi mpaka m'manja mutuluke matuza, matuzawo aphulike, pamerenso ena. Nanga chala chimenechi chikundiuza chiyani? Chikundiuza ine, pabwalo panga pomwe, ndi thobwa langa m'manja, kuti khasu ndi la anthu otsalira! Pali mlongo wanga kumanda, chikhadabo chimenecho chikadali pa chala, chinkhoswe palibe!"

Maliko anaika kapu pansi mwaulemu, pakuti ngakhale pa nkhondo ulemu sutha, ndipo anayankha akukonza kolala.

"Bambo, ine ndikukulemekezani ngati kholo langa. Koma m'dziko muno tinavota. Chala ndi changa, ndipo chomera pa chalapo ndi changanso. Kulima ndilima, nyumba ndimanga, ngakhale madzi ndikatunga mukafuna. Koma lumo pa chala ichi, pepani, ayi."

Tsono ndikuuzeni chimene a Zakeyu sankachidziwa, chimene nanenso ndinachimva mochedwa, ndipo nditachimva ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga. Maliko anabadwira pa esiteti ya fodya, mwana wa tenanti. Bambo ake anamwalira zikhadabo zonse zitathetheka, zakuda bii ndi utomoni wa fodya wa eni ake. Mayi ake pomuperekeza kusukulu ankamugwira timanja n'kumuuza kuti, "Manja awa asadzafanane ndi a bambo ako." Choncho kwa Maliko chikhadabo chija chinali umboni woti anatulukadi m'chigafa, ndipo kuchidula kunali ngati kubwereramo. Koma mwamuna wovala jekete sanena zoterezi pamaso pa atsibweni a mkazi. Amanena za ufulu.

Loweruka lotsatira ndiye kunali nkhondo ya kumunda. A Zakeyu anatumiza uthenga woti ngati mnyamatayo akuti amalima, abwere adzaonetse. Maliko anabwera, ndipo theka la mudzi linasiya ntchito zake kukaima m'mphepete mwa munda. Ngwazi ya pa boda inavula jekete, inapinda thalauzi, kenako inapisa m'thumba n'kutulutsa chishango chake: chivindikiro cha bolopeni, chabuluu, chimene inachiveka pa chikhadabo n'kuchimanga ndi kamphira. Amayi anagwa pansi ndi kuseka. Koma khasu litayamba kutsika, kuseka kunayamba kuchepa, pakuti mwana wa tenanti saiwala. Dothi louma la Okutobala linkatembenuka ngati lamvula, mzere ukutsatana ndi mzere, wowongoka, wonenepa, chala chabuluu chili njo kumwamba ngati mbendera ya gulu lankhondo, mpaka dzuwa litafika pamutu amayi omwe aja analuluta.

A Zakeyu anayenda m'mizeremo manja ali kumbuyo. Anaponda apa, anagwada apo, anatseka diso limodzi kuti apeze pokhota, koma sanapapeze, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa chikhadabo chenichenicho. Pomaliza anatembenukira khamu lija.

"Mizere iyi ine sindikuivomera," anatero. "Yalimidwa ndi dzanja lovala chipewa."

Kuyambira tsiku limenelo mudzi unagawikana pawiri. Kunali a Chikhadabo, ambiri mwa iwo achinyamata ndi amayi amene analuluta aja, ndipo kunali a Lumo, madoda ndi onse amene ankabwereka ngolo ya a Zakeyu. Pa mjigo zidebe zinkaima m'mizere iwiri. Ku kwaya a mawu apamwamba anasiya kuyang'anana ndi a besi. Ine ndinali wa Lumo, sindibisa, chifukwa ngolo ndinkaifuna.

Amene anatopa koyamba anali Enifa, ndipo iye sanalankhule ngati ngwazi ayi, analankhula ngati munthu amene zamukwana. Anawapeza onse awiri Lamulungu potuluka m'tchalitchi, wina ataima uku wina uko, n'kuwaitana pamodzi.

"Atsibweni, inu muli ndi mbuzi yanu. A Maliko, inu muli ndi chala chanu. Nanga ine ndili ndi ndani? Loweruka likubwerali, matola ya masana ikamadutsa ndisanamve tsiku la chinkhoswe changa, ndikwera. Ndikakhala kwa azakhali ku Kawale, ndikaphunzira kusoka, ndipo kuno simudzandionanso. Mutsale mukwatirane nokhanokha."

Onse awiri anaganiza kuti akungoopseza. Koma Lachinayi Enifa anachapa zovala zake zonse, Lachisanu anazisita n'kuzipinda m'chikwama, ndipo Loweruka m'mawa anatulutsa chikwamacho pabwalo, pansi pa mtengo wa mango poonekera msewu, n'kukhalapo. Apa ndiye magulu onse awiri anasonkhana, Maliko atabweranso ndi jekete yake, aliyense akudikira kuti mnzake ndiye agonje.

Pamenepo panafika nthumwi ya mtendere itakwera njinga yachikazi. Anali mayi Consolata, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yapafupi, amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Nkhata Bay, mnzake wa Enifa wa ku kwaya, Mayi wa Choko, amene sanaonepo anthu atasonkhana osawasandutsa kalasi. Anaimika njinga, anaima pakati pa magulu awiriwo, n'kukweza mawu.

"Abambo anga, mukulimbirana chinthu chimodzi chomwecho. Chikhadabo ichi, nyanga za tonde wanu, ziboda zake, ndevu zanu a Zakeyu, tsitsi la Enifa, nthenga za nkhuku iyo, zonsezi thupi limazipanga ndi chinthu chimodzi, dzina lake keratini. Zimamera kuchokera kutsinde, kunsongaku n'zakufa kale, n'chifukwa chake kumeta sikupweteka. Mutaziwotcha zonse, fungo ndi limodzi. Ngakhale chikopa cholimba cha m'zikhatho zanucho, a Zakeyu, chimene mumachinyadiracho, ndi keratini yemweyo. Thupi laona kuti khasu likukupwetekani, ndiye lakuikirani chishango."

A Zakeyu anayang'ana zikhatho zawo ngati zawachita chiwembu.

"Aphunzitsi, mukuti manja angawa ndi chala cha mnyamata uyu ndi pachibale?"

"Bere limodzi, bambo."

"Nanga ine ndi tonde?" anafunsa Maliko, mawu atachepa.

"Inu ndiye mapasa."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhondo, ngwazi ziwirizo zinagwirizana chinthu chimodzi, chakuti zanyozedwa. Mwina zikanathera pompo, aliyense n'kupsa mtima kuposa kale, kukanapanda kuti kukhola kunamveka kulira, kulira kosasa, kotopa, kosafanana ndi kwa Riferendamu amene tinkamudziwa. Mayi Consolata anafunsa chifukwa chimene tondeyo sanatulutsidwe, ndipo a Zakeyu anayang'ana pansi. Panali patatha masiku atatu mbuziyo isakudya, ndipo iwo anaitsekera m'khola osauza munthu, kuopa kumva mawu akuti tinkanena.

Tonse tinapita kukhola. Nyanga ija inali italowa m'tsaya, pansi penipeni pa diso, ndipo pabalapo ntchentche zinali zitaikira kale. Mphutsi zinkaoneka zikuyenda mkati, kuseri kwa kupindika kwa nyanga. Mayi Consolata anati nsonga idulidwe pompo. A Zakeyu, maso ali ofiira, anatambasula manja kutchinga khomo la khola n'kunena kuti analumbira. Aphunzitsi anati ngati ndi choncho, mphutsi zokhazo zichotsedwe lero, chifukwa zikafika m'diso mbuzi yatha. A Zakeyu atapatuka, aphunzitsiwo anayesa chala, sichinalowe, mpata unali wochepa. Anayesa kamtengo, koma kamtengo n'kowongoka ndipo balalo linali lokhota. Tonde anakuwa, a Zakeyu nawo n'kukuwa ngati alasidwa iwo.

Kumsewu, patali, kunamveka hutala ya matola ikuitana anthu pa siteji ya kumtunda. Enifa, amene anatsalira pa chikwama chake, anaimirira n'kukonza chitenje.

Ndiye ndinaona chimene sindidzaiwala. Maliko Mkango wa Kaboni anavula jekete n'kuipachika pa mtengo wa khola, analowa, anagwada mu ndowe ndi thalauzi yake ya ku ofesi, n'kuuza a Zakeyu kuti, "Gwirani mutu, bambo." Mdani anagwira mutu. Chikhadabo chija, chopyapyala, chopindika kunsonga ngati kuti chinamerera ntchito imeneyi, chinalowa pansi pa nyanga n'kutuluka ndi mphutsi yoyamba. Chinabwereranso, chinatuluka ndi ina. Fungo linathamangitsa a Chikhadabo ndi a Lumo omwe, koma iye sanatembenuze nkhope, ankangolankhula ndi mbuziyo motsitsa monga amalankhulira munthu amene anakulira pakati pa ziweto za eni ake. Atafika pa yomaliza, ya mkati kwambiri, Riferendamu anagwedeza mutu mwamphamvu.

Thyo!

Zaka ziwiri zinagwera m'fumbi, pakati pa mapazi a a Zakeyu.

Tsono inu a m'tauni mumvetse bwino apa. Kwathu kuno chikhadabo kapena tsitsi la munthu sizisiyidwa pabwalo. Mwini wake amatola yekha n'kukakwirira pobisika, kuopa kuti wokufunira zoipa angapite nazo kwa odziwa mankhwala. Tonse ndife akhristu, kwaya timaimba, koma zikhadabo zathu timakwirira ndithu. Choncho a Zakeyu atawerama n'kutola chikhadabo cha mdani wawo, mayi wina pakholapo anagwira pakamwa.

A Zakeyu anachipukuta pa malaya awo, mbali iyi ndi mbali iyo. Kenako anachiika pa chikhatho chawo cha chikopa chija, anachirikiza ndi dzanja linalo, n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Landirani chuma chanu, akamwini," anatero. Kenako anawonjezera motsitsa, "Mizere ija ndinaiona. Munthu saphunzira kulima kotere ku ofesi."

Maliko anayang'ana chala chake, chimene tsopano chinali chala wamba chotuluka timagazi. Ndikunena poyera kuti ine m'maso munadzadza.

"Bambo anga anali tenanti," anatero. "Iwo analibe chikhadabo choti munthu n'kutola. Sungani inuyo, atsibweni. Ine ndilibe kwina kosungitsa."

A Zakeyu anafumbata dzanja lawo pang'onopang'ono. Kenako anatembenuka n'kubangula kuti mudzi wonse umve, "Kodi m'mudzi muno mulibe sowo? Mukungoyang'ana chiyani, mbuzi ikuvutika!"

Sowo yodulira zitsulo inabwera kuchokera kwa wokonza njinga. Mayi Consolata analoza podula n'kufotokoza kuti mkati mwa nyanga muli fupa ndi magazi koma kunsonga kulibe, choncho akadula kunsonga kokha tonde samva kanthu, ndipo a Zakeyu anadula okha, akupepesa kwa Anasi pa kukoka kulikonse. Nsongayo itagwa anaipereka kwa Maliko, kuti pasakhale wopita chimanjamanja. Aphunzitsi anatsuka bala ndi madzi a mchere, anapaka mankhwala a jivi pa tsaya la mbuzi ndi pa chala cha Maliko, ndipo a Zakeyu, poona kuti atsala okha osapakidwa, anatambasula chala chawo chabwinobwino n'kulamula kuti nachonso chipakidwe, popeza nkhondo anamenya nawo.

Motero mtendere unalowa m'Dambe. Kutsogolo kunali Riferendamu, tsaya lili lofiirira, akutafuna masamba a mango ngati mfumu yobwera kuchipatala. Pambuyo pake ngwazi ziwiri, zala zopakidwa jivi zili m'mwamba. Kenako kwaya yonse, a besi ndi a mawu apamwamba atagwirizananso, ikuimba nyimbo ya chikondwerero, ndipo ine ndinali pakati ndikunyamula sowo ngati ndodo ya bishopu. Tinazungulira mjigo kawiri. Tinali pafupi kuzungulira kachitatu pamene hutala inalira pamsewu penipeni, ndipo tonse tinatembenuka.

Matola inali itaima. Enifa anali ataika kale chikwama pamutu.

"Zala ndaziona," anakuwa. "Mbuzi ndaiona. Tsiku?"

Ngwazi ziwirizo zinayang'anana. Pa zonse zimene zinachitika, za chinkhoswe zinali zitaiwalika. Anathamanga onse awiri, wamkulu patsogolo, akukuwa masiku osiyana, wina Loweruka lamawa wina la mkuja, kondakitala akumenya chitseko cha galimoto, mpaka Enifa anasankha yekha tsiku lake n'kuwauza kuti alibwereze katatu pamaso pa anthu onse okwera. Atatero ndi pamene anatsitsa chikwama n'kuchipereka kwa Maliko kuti anyamule.

Maliko anamanga nyumba pamene anamulozera. Pakati pa sabata ankakhala pa boda, Loweruka ankalima, ndipo nsonga ya nyanga ija anaiboola n'kuimangirira ku makiyi a ofesi. Ankayesa kupatulira nayo mapepala, koma inkang'amba kaboni, choncho anayamba kunyambita chala ngati makalaliki ena onse. Chikhadabo sanachisungenso.

A Zakeyu anatisiya m'chaka cha 2004. Powaveka jekete yawo ya ku tchalitchi, amene ankakonza thupi anapeza kabokosi ka machesi m'thumba la mkati, la kumtima, katakulungidwa ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje cha Anasi. Anaitana mkamwini kuti adzaone ngati n'chinthu chofunika kuchotsa. Maliko anatsegula, anayang'ana chikhadabo chake chija nthawi yaitali, kenako anatseka n'kukabwezera m'thumba momwemo.

"Asiyeni apite nacho," anatero. "Amasunga bwino."